Moto wa ku Lahaina, tisamangonamizira mphepo

Pa 8 Ogasiti 2023 tauni ya Lahaina pa chilumba cha Maui ku Hawaii inapsa pafupifupi yonse mmaola ochepa chabe. Anthu 102 anafa, nyumba zoposa 2,200 zinasanduka phulusa ndipo zambiri mwa izo zinali zogonamo mabanja. Ku America kunali kutadutsa zaka zoposa 100 moto wolusa usanaphe anthu ochuluka chonchi. Nkhaniyi imandiwawabe mpaka pano makamaka ndikamva wina akungoti eeh inali mphepo basi.

Mphepo inalipodi sindikukana. Namondwe Dora ankadutsa kutali panyanja chakummwera, ndiye chimphepo chouma chinkatsika kumapiri kuthamangira kutauni mpaka kumagwetsa mapolo amagetsi ndi kusasula madenga. Koma abale mphepo payokha siyaka, pamafunika choti chipse. Kumtunda kwa Lahaina kunali esiteti ya nzimbe ya Pioneer Mill yomwe inatsekedwa mu 1999, minda ija anangoisiya, munamera chiudzu chachitali monga guinea grass amene anachokera kuno ku Africa ngati chakudya cha ng'ombe. Aliyense amene anaonapo tchire likupsa mu Okutobala akudziwa mmene udzu wouma umachitira mphepo ikaupeza, sungauthamangire. Ndipo chenjezo analandira kale, mu 2018 nthawi ya namondwe Lane moto unatenthanso nyumba zina komweko ku Lahaina. Udzu uja unameranso, eni malo osautchetcha.

Tsikulo moto unayamba mmamawa kuchokera ku mawaya amagetsi oduka a kampani ya Hawaiian Electric. Ozimitsa moto anabwera nkulimbana nawo, nthawi itapitirira 2 koloko masana anachoka poona ngati wazima, koma pasanathe ola unadzukanso pamalo omwewo ndipo apa sunagwirikenso. Magetsi kunalibe, netiweki ya foni inali itagwa malo ambiri ndiye mauthenga ochenjeza sanafike kwa anthu ambiri, madzi mmipope nawonso anayamba kuchepa mphamvu ozimitsa moto ali pakati pa ntchito.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ma siren. Hawaii ili ndi ma siren ambirimbiri ochenjezera anthu ndipo amawayesa mwezi ndi mwezi, koma tsiku limenelo sanalire ngakhale imodzi. Mkulu wa ofesi yoona za ngozi ku Maui, Herman Andaya, anati ankaopa kuti anthu aganiza kuti ndi tsunami, mafunde aakulu ochokera kunyanja, nkuthawira kumtunda komwe kunali moto. Patangopita masiku ochepa anatula pansi udindo. Ine zimenezo sizimandigwira mtima, munthu ukamva siren umatuluka panja kaye, ndipo ukatuluka utsi wakuda bii umauona ndi maso ako. Ambiri mwa omwe anafa anali okalamba, agogo oti anali mnyumba osadziwa kuti kunja kwaopsa.

Omwe anathawa pagalimoto anakapanikizana mu Front Street, msewu wa mmbali mwa nyanja, chifukwa misewu ina inali yotsekedwa ndi mapolo ndi mawaya akugwa. Moto utawapeza ena anasiya magalimoto nkudumphira mnyanja, kukhala mmadzi maola angapo ana ali mmanja, zipsepse zamoto zikuwagwera pamutu. Ena sanatulukemo mmagalimotomo.

Lahaina simalo a alendo okaona nyanja okha ayi. Inakhalapo likulu la ufumu wa Hawaii, tchalitchi cha Waiola chinapsa chitangokwanitsa zaka 200, ndipo anthu ake ambiri ndi ogwira ntchito mmahotela, ambiri ochokera ku Philippines, okhala nyumba imodzi agogo, makolo ndi zidzukulu chifukwa lendi kumeneko inali yokwera kale moto usanabwere. Atapulumuka anakhala miyezi mmahotela, ena kumasamutsidwa uku ndi uku, phulusa lisanazizire nkomwe anthu a ndalama anayamba kale kuimba mafoni kufuna kugula mapuloti mpaka bwanamkubwa wa Hawaii Josh Green anachita kuwadzudzula poyera. Mu Ogasiti 2024 analengeza mgwirizano wa chipukuta misozi cha madola pafupifupi 4 biliyoni, Hawaiian Electric ndiyo yolipira gawo lalikulu, boma ndi eni malo aja nawonso akulipira. Koma pofika nthawi imeneyo mabanja ena anali atalongedza kale kuchoka pa Maui chifukwa nyumba yoti angakwanitse kulipira inasowa.