Loweruka, ku District Six Museum

Lero sindinapite kuntchito, choncho ndinatsikira m'tauni kukaona nyumba yosungiramo mbiri ya District Six, dera limene boma la tsankho la South Africa linagumula n'kusamutsa anthu ake. Nyumbayi ili mumsewu wa Buitenkant kuno ku Cape Town. Kunja kwake imaoneka ngati tchalitchi, ndipo kale inalidi tchalitchi cha Methodist. Mu December 1994 anaitsegula kuti anthu amene ankakhala m'derali azisungamo zimene anatsala nazo.

Ukangolowa, choyamba kuona chili pansi pa mapazi ako. Anayala mapu aakulu a dera lonse monga linalili asanaligumule, ndipo anthu amayenda pamwamba pake. Ndinawerama kuti ndione bwino. Eni ake analembapo ndi manja awo mayina a mabanja awo, aliyense pamalo pamene panali nyumba yake. Zilembo zina n'zokhotakhota, zooneka kuti dzanja linali kunjenjemera, zina inki yayamba kufufutika. Pena mayina athinana mpaka kusowa polemba, ndipo ukaona pamenepo umadziwa mmene anthu ankakhalira mopanikizana.

Pafupi nane panali agogo ena aakazi ndi mdzukulu wawo. Za zithunzi za pakhoma analibe nazo ntchito. Anangolunjika pangodya ina ya mapuwo, n'kuika nsonga ya ndodo yawo pansi, n'kuyamba kuiyendetsa pang'onopang'ono motsata msewu, kukhota, kuima, kupitiriranso. Mwanayo anagwada n'kumatsatira ndi chala. Ankalankhula Chiafrikaans chawo chakuno, koma ngakhale wosamva akanadziwa kuti agogowo akumuonetsa njira imene ankayenda tsiku ndi tsiku ali mtsikana.

Dzina loti District Six linayamba mu 1867, mzinda utagawidwa m'zigawo, ichi n'kukhala chachisanu ndi chimodzi. Poti ndi pafupi ndi doko komanso pakati pa tauni, munadzaza anthu a mitundu yonse: ana a akapolo omasulidwa, amisiri, ogwira ntchito kudoko, Amwenye, Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, Asilamu ndi Akhristu khomo ndi khomo. Munalinso umphawi, nyumba zakutha zimene eni ake sankakonza, ndi magulu a zigawenga. Boma la tsankho linkaloza zimenezi ngati chifukwa, koma malowo ndiwo ankawafuna. Pa 11 February 1966 linalengeza, potsata lamulo la Group Areas Act logawa malo okhala potengera mtundu wa anthu, kuti derali ndi la azungu okhaokha. Pofika 1982, anthu oposa 60,000 anali atasamutsidwa n'kukatayidwa ku Cape Flats, kumchenga, kutali ndi ntchito zawo. Sikunali kuyamba: mu 1901 anthu akuda anali atachotsedwa kale n'kupititsidwa ku Ndabeni, ponamizira mliri wofalitsidwa ndi makoswe.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa zikwangwani za misewu. N'zachitsulo, zenizenizo, zina zokanda ndi zadzimbiri m'mbali, ndipo anazipachika mondondozana kuchokera m'mwamba. Amati kapitawo wina wa ogumula anauzidwa kuti akaziponye m'nyanja, koma iye anazibisa kunyumba kwake kwa zaka zambiri. Nkhaniyi yandivuta mumtima tsiku lonse. Munthu yemweyo amene ankayang'anira kugwetsedwa kwa makomo a anthu ndiye anapulumutsa mayina a misewu yawo. Sindinganene kuti zikwangwanizo zimamuyeretsa. Komabe akanamvera mabwana ake, bwenzi lero kulibe chogwirika ndi manja chotsalako pa misewu imeneyi.

Msewu waukulu unali Hanover Street. Amene amadziwa Cape Town amadziwanso Hanover Park ndi Lavender Hill, malokeshoni a ku Cape Flats amene anapatsidwa mayina otengedwa kuno. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti anthu sanasamutsidwe pamodzi. Ankawagawa potengera mtundu umene boma linawalemba, wina ku Manenberg, wina ku Gugulethu, wina ku Rylands. Nyumba ina munthu akhoza kuipeza. Koma mayi wa khomo loyandikana amene ankakusungira mwana ukapita kuntchito, wagolosale amene ankakulola kutenga pangongole chifukwa ankadziwa bambo ako, amenewo ukawapeza kuti?

M'mwamba muli tizipinda tokonzedwa monga zinalili m'nyumba za nthawi imeneyo, koma ndinangodutsamo mwachangu. Chinandikoka ndi nsalu yaitali imene anthu akale a m'derali analembapo zakukhosi kwawo, kenako ena n'kupetapo ndi ulusi motsata zilembo zomwezo kuti zisafufutike. Ntchito yotere imafuna munthu wokhala pansi ndi singano masiku ambirimbiri. Ena mwa oyendetsa alendo m'nyumbamu ndi anthu amene anabadwira m'deramo, ndipo ambiri akalamba.

Nditatuluka ndinakwera kamtunda kukaona malo enieniwo, pansi pa phiri la Devil's Peak. Mbali ina panamangidwa sukulu yaukachenjede, imene pano ndi Cape Peninsula University of Technology. Mbali yaikulu ikadali tchire, udzu ndi zidutswa za njerwa, pakati pa mzinda umene malo ake ndi odula koopsa. Matchalitchi ena ndi mizikiti sanagumule, ndiye tchalitchi cha St Mark's ndi mzikiti wa ku Aspeling Street zilipobe, ndipo pali mabanja amene amayenda mtunda wonse kuchokera ku Cape Flats kudzapemphera kuno. Boma lakale linasintha dzina la derali kukhala Zonnebloem, ndipo dzina lenileni linabwezeretsedwa mu 2019.

Lamulo lobwezera malo kwa olandidwa linakhazikitsidwa mu 1994, ndipo pa 11 February 2004 a Nelson Mandela anapereka makiyi kwa oyamba kubwerera. Kuchokera apo ntchito yayenda mwaulesi wochititsa manyazi. Nyumba zomangidwa n'zochepa, ndipo okalamba ambiri amwalira mayina awo akadali pamndandanda.

Mphepo itayamba kuvuta ndinatsikira kokwerera minibasi, pamwamba pa siteshoni ya sitima. Makondakitala anali kukuwa Manenberg, Hanover Park, Gugulethu, ndipo mizere inali yaitali, anthu oweruka atanyamula majumbo awo, akudikira ulendo wopita kumene makolo awo anakawasiya.