Mwera walisintha gombe la ku Mtakataka

Dzulo ndinatsika Khwekhwelere kukaona agogo ku Mtakataka, kenako ndinafika kunyanja. Abale inu, gombe lija sindinalizindikire! Mwera wa mu Juni ndi Julayi wakokolola mchenga pomwe tinkayanika usipa. Thandala lina latsala lili pendeke, mizu ya mkuyu ili poyera.

Mchengawo sunapite kutali ayi. Poti mphepoyi imachokera kum'mwera, mafunde aukankhira chakumpoto, waunjikana pamathiriro a kamtsinje mpaka asodzi akuchita kukoka mabwato ndi manja. Agogo akuti mpoto ukayamba kuomba m'dzinja, wina umabwerera.

Chandinyansa ndi anthu odula bango m'mbali mwa madzi. Nanga mafundewo awatchinga ndani? Ine ndabwerako ndi silipasi imodzi, inzake inapita ndi funde ndikujambula.