Hilux ya 1UZ: sensa ya liwiro yalowa, injini yasiya kuzima

Hilux yanga ya 4x4, imene poyamba inali ndi injini ya 4Y ya kabuleta, tsopano ikuyenda ndi 1UZ-FE, V8 ya malita 4 imene Toyota inayamba kuika mu Lexus LS400 ndi Celsior mu 1989. Yangayi ndi ya mtundu woyambirira, yopanda VVT-i (njira yosinthira nthawi yotsegukira mavalavu) imene inabwera mu 1997, ndipo ndasunga kompyuta yake ya Toyota. Giyabokisi ndi yosintha ndi manja, R151F, kumbuyo kwake kuli transfer case (bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ya magiya, ya 2.28:1 pa low range, giya yokwawira pang'onopang'ono.

Injini imalira bwino ndipo mphamvu ndi zosayamba, koma panatsala vuto limodzi. Ndikamafika pamphambano, ndasiya moto n'kuponda klatchi, singano ya rev inkatsika mpaka pansi, injini zii. Nthawi zina inkadzipulumutsa, n'kumakwera ndi kutsika kwa kanthawi isanakhazikike. Galimoto ikangoima pakhomo, idle, kulira kwa injini osaponda moto, inali yabwinobwino. Valavu ya idle ndi yotsuka, mapaipi a mpweya sakudontha. Nditalumikiza mabowo a TE1 ndi E1 m'kabokosi koyezera mavuto a injini, nyali ya check engine inaphethira ka 4, n'kupuma, n'kuphethiranso ka 2. Pa ma Toyota a nthawi imeneyo, nambala ya vuto imeneyi, 42, imaloza sensa ya liwiro la galimoto. Pa magalimoto a pambuyo pake, oyezedwa ndi makina a OBD2, vuto lomweli limatuluka ngati P0500.

Ambiri amaganiza kuti sensa imeneyi ndi ya spidomita basi, ndiye poti Hilux yakale spidomita yake imayenda ndi chingwe, amangosiya waya wa SPD, wobweretsa chizindikiro cha liwiro ku kompyuta, uli lendelende. Komatu kompyuta imafuna kudziwa ngati galimoto ikuyenda kapena yaima. Mukasiya moto muli pa liwiro, imadula petulo, ndipo ma rev akamatsika imabwezera petuloyo n'kutsegulako valavu ya idle kuti injini itere bwinobwino. Popanda chizindikiro cha liwiro, iyo imaona ngati mwaimika galimoto mukungoponda moto pagalaja, choncho imasamalira idle mwa njira ina. Pamseu wa tala zimangochititsa manyazi. Pamtsetse wa miyala ndi nkhani ina: injini ikazima, chiwongolero chimauma pompo, ndipo mabuleki amatsala ndi mpweya wopondera kangapo chabe. Amene anatsikapo mseu wa Golodi kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba akudziwa kuti pamakona aja simalo oyatsira galimoto kachiwiri.

Masamu ake ndi okoma. Pa magalimoto a ku Japan, chingwe cha spidomita chimazungulira ka 637 pa kilomita imodzi, ndipo kompyuta ya Toyota imayembekezera ma pulse 4, kugunda kwa magetsi kanayi, pa kuzungulira kumodzi. Ndiye kuti ma pulse 2548 pa kilomita. Pa 60 km/h amenewo ndi pafupifupi 42 pa sekondi. Mukamakwawa pamiyala pa 3 km/h ndi awiri okha pa sekondi, ndipo apa ndi pamene mtundu wa sensa umakhala nkhani. Sensa ya koyilo, ya mawaya awiri, imapanga yokha magetsi ake, ndipo magetsiwo amachepa liwiro likachepa. Pokwawa ikhoza kungokhala chete. Ya mawaya atatu imalandira 12V ndipo imatulutsa chizindikiro chofanana kaya tayala likuzungulira pang'onopang'ono bwanji. Kwa galimoto ya m'tchire, ine ndikuti ya mawaya atatu basi.

Panali njira ziwiri. Ma Hilux ena a EFI, opanda kabuleta, ali ndi ka reed switch, kaswichi koyendera maginito, kumbuyo kwa spidomita, kamene kamatseka ka 4 chingwe chikazungulira kamodzi, ndiye munthu akhoza kupeza dashibodi yotero kwa ogulitsa zida zakale. Yanga ya kabuleta ndinaiyang'ana, ilibe. Njira inayo, imene ndatsata, ndi kasensa komangira pa transfer case pomwe chingwe chimatulukira. Mumamasula chingwe, kumanga sensa, kenako kumanganso chingwe kumbuyo kwake, spidomita n'kupitiriza ntchito monga kale. Magetsi ndatenga pa waya umene umayaka kiyi ikatsegulidwa, kudzera pa fyuzi yakeyake, waya wa earth ndatenga pamodzi ndi wa kompyuta, ndipo waya wa chizindikiro ndaudutsa kutali ndi makoyilo ndi mawaya a mapulagi. Pansi pa galimoto pali matope ndi zitsa, choncho pulagi yolumikizira mawaya a sensa ndi yosalowa madzi ndipo mawaya ayenda pamwamba pa chasisi, osati m'munsi mwake.

Kuyeza sikufuna makina odula. Ndinakweza kumbuyo pa jeke, kiyi yotsegula, injini yozima, mita yoyezera magetsi pakati pa SPD ndi E1. Mwana wa achimwene ankazungulitsa tayala pang'onopang'ono, ine ndikuona mita ikudumpha pakati pa 0 ndi pafupifupi 5V. Kenako ndinazula fyuzi ya EFI kwa kanthawi kuti 42 ifufutike.

Pali chinthu china chimene ndikufuna anzanga a giyabokisi ya otomatiki amve, chifukwa kwa inu nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa ine. Sensa yanga ili kumbuyo kwa transfer case, ndiye imawerenga liwiro la matayala. Mukalowa low range, giyabokisi imazungulira ka 2.28 kuti shafti yakumbuyo izungulire kamodzi. Kompyuta ikamawerenga kumbuyoko, imachedwa kusintha magiya, injini n'kumangokuwa mu giya yoyamba. Toyota inakonza zimenezi pa magalimoto ake a 4x4 ndi waya wa L4, wouza kompyuta kuti low yalowa. Kompyuta ya LS400 inapangidwira saluni, ilibe chifukwa chodziwira za low. Ngati mukusunga giyabokisi ya otomatiki ya A340 kapena A341, sensa yosinthira magiya ikhale patsogolo pa transfer case. Amene aika magiya a 4.7:1 okwawira pamiyala, kusiyanako ndiye kumaposa kawiri.

Matayala a mainchesi 33 m'malo mwa a 29 achititsa kuti spidomita iziwerenga mochepera ndi pafupifupi 12 peresenti, ndipo kompyuta nayo ikunamizidwa chimodzimodzi. Sindikudandaula nazo. Injini ya ku Japan ili ndi malire a 180 km/h, ndipo Hilux ya masipulingi a masamba kutsogolo ndi kumbuyo siidzawayandikira n'komwe. Za apolisi a kamera ndizidalira GPS ya pafoni mpaka nditapeza kagiya koyenera ka spidomita.

Ndayesera pamseu wafumbi wopita ku Dzalanyama, pa high ndi pa low pomwe. Poponda klatchi singano ikutsika, n'kuima kaye pang'ono pamwamba pa idle, kenako n'kukhazikika galimoto ikaima. Sinazimepo, ndipo 42 sinabwerere. Pokwera pang'onopang'ono pa low, singano ya kutentha inasuntha kuposa mmene ndimafunira. Malo pakati pa V8 ndi radiyeta ndi ochepa kwambiri, choncho chotsatira ndi fani yamagetsi ndi chotchingira chake, ndipo ndikufuna kuyeza kaye ngati alternator ingakwanitse fani ndi winchi nthawi imodzi.