Zikomo kwa onse amene munatikhulupirira

Abale ndi alongo, ntchito ija ambiri mwakhala mukundifunsa yafika pabwino. Sabata yatha, ife amene tinaphunzira pasukulu ya mpingo yogonera komweko ija tinakhala pansi ndi akuluakulu a mpingowo n'kuwawerengera maso ndi maso maumboni athu a nkhanza zimene tinachitidwa pasukulupo tili ana, ndipo anamvetsera mpaka womaliza atatsiriza. Atipatsa kalata yopepesa yosainidwa. Avomera kupereka mafailo a zaka zimenezo kwa ofufuza amene si a mpingo, komanso kuti munthu amene ambiri tinamutchula, yemwe adakali moyo, asayandikirenso ana pamene nkhani ili m'manja mwa apolisi. Dzina la sukulu ndi la munthuyo sindilemba pano, ndipo chonde musandifunse kumbali. Lero ndabwera kudzathokoza basi.

Ndiyambe ndi mnzanga amene mabedi athu anali oyandikana muhositelo. Pagulu lathu la WhatsApp la ophunzira akale tinkangokumbutsana za belu la mbandakucha, madzi ozizira osamba, mapemphero a m'mawa tulo tili m'maso ndi zilango zotchetcha udzu. Tinkaseka. Tsiku lina iwe unafunsa ngati panali winanso amene ankaitanidwa kuchipinda chija usiku magetsi atazimitsidwa. Gulu lonse linangoti zii. Kenaka mauthenga anayamba kukupeza kumbali, mmodzimmodzi, ndipo wina unali wanga. Achimwene, mpaka tsiku limenelo ine ndinkadziwa kuti ndinali ndekha. Aliyense wa ife ankadziwa choncho, pamene tinkagona denga limodzi.

Pali funso limene latipweteka kwambiri m'miyezi imeneyi, loti n'chifukwa chiyani sitinanene kalekale. Ndiliyankha kamodzi kokha. Mwana wa sukulu yogonera komweko alibe kothawira. Amene akumuchita nkhanza ndi yemweyo akusunga makiyi a hositelo, ndi yemweyo akuchonga mayeso, ndi yemweyo akuwerenga kalata zopita kwa makolo zisanatumizidwe, ndipo mawa lake ndi yemweyo akuima kutsogolo m'tchalitchi kuphunzitsa za chiyero. Makolo ako avutikira fizi ndipo amamutenga munthuyo ngati mngelo. Ukadandaula, amene achotsedwe sukulu ndi iwe. Mnyamata amaopanso kuti anzake akamva adzamuseka moyo wake wonse. Kukwapulidwa mpaka kutuluka magazi tinkakutcha mwambo, chifukwa ndi dzina limene anatiphunzitsa. Zina zija zausiku tinalibe n'komwe mawu ozitchulira.

Ku Australia, bungwe limene boma linakhazikitsa mu 2013 kuti lifufuze za kugwiriridwa kwa ana m'masukulu, m'mipingo ndi m'nyumba zosungira ana linamva anthu pafupifupi 8,000 aliyense payekha. Lipoti lake la mu 2017 linapeza kuti anthu amenewa ankatenga zaka pafupifupi 24 asanauze munthu aliyense. Nditawerenga chiwerengero chimenecho ndinalira, chifukwa ndinazindikira kuti kukhala chete kwathu sikunali kupusa kapena kuvomereza. Ndi mmene bala lamtundu umenewu limakhalira.

N'chifukwa chake ndikufuna kuthokozanso anthu akutali amene sadzawerenga n'komwe mawu anowa. Ku Ireland, mayi Christine Buckley, amene anakulira m'nyumba yosungira ana yoyendetsedwa ndi masisitere ya Goldenbridge mumzinda wa Dublin, anayamba kuyankhula poyera m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene kudzudzula masisitere kunali ngati kutukwana Mulungu. Mu 1999 nduna yaikulu Bertie Ahern inapepesa m'dzina la boma, ndipo mu May 2009 kunatuluka lipoti la Ryan lofotokoza zimene zinkachitika m'masukulu osungira ana oyendetsedwa ndi mpingo ngati Artane ndi Letterfrack: kumenya, njala, kugwirira, komanso chizolowezi chosamutsa wolakwa kupita kusukulu ina m'malo momupereka kupolisi. Gulu la abulazala a Katolika la Christian Brothers, lomwe linkayendetsa masukulu awiriwa, linapita kukhoti mu 2004 mpaka maina enieni a olakwa sanalembedwe mulipotilo. Zimenezi zinatitsegula maso. Tinagwirizana kuyambira pachiyambi kuti sitidzasaina pepala lililonse lotitseka pakamwa, kaya libwere ndi chipukutamisozi chochuluka bwanji.

Ku Canada, ana pafupifupi 150,000 a eni nthaka anachotsedwa kwa makolo awo n'kuikidwa m'masukulu ogonera komweko oposa 130, ambiri oyendetsedwa ndi mipingo ndi ndalama za boma, ndipo omaliza anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Anthu oposa 6,000 anakapereka umboni kubungwe la choonadi ndi chiyanjanitso limene ankatsogolera Murray Sinclair, lomwe linamaliza ntchito mu 2015. Phyllis Webstad anafotokoza mmene anamulandira malaya ake atsopano a mtundu wa olenji tsiku loyamba kusukulu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tsopano chaka chilichonse pa 30 September anthu kumeneko amavala mtundu umenewo pokumbukira anawo. Papa Francis anakapepesa yekha ku Maskwacis mu July 2022. Mavuto awo ndi aakulu kuposa athu, chifukwa iwo analandidwa ngakhale chiyankhulo ndipo ana ambiri sanabwererenso kwawo. Komabe powerenga maumboni awo tinkamva fungo la hositelo yathu.

Ndipo asatinamize munthu kuti izi ndi za kwa azungu okha. John Smyth, amene ankakwapula anyamata mwankhanza ku England, atadziwika sanaperekedwe kupolisi. Anasamukira ku Zimbabwe mu 1984 n'kupitiriza zomwezo, kenako ku South Africa, kumene anamwalira mu 2018 asanaweruzidwe. Lipoti la Makin, lofufuza mmene mpingo wa Anglican ku England unachitira pa nkhaniyi, litatuluka mu November 2024, Justin Welby analengeza kuti akutula pansi udindo wake wa arkibishopu wa Canterbury, mtsogoleri wa mpingowo. Akuluakulu akasankha kuteteza mbiri ya mpingo, amene amalipira ndi ana a kwina kumene wolakwayo wasamukira. Pamsonkhano wathu tinanena zimenezi mosapsatira, chifukwa nafenso tikudziwa kuti munthu wathu uja atachoka pasukulu pathu anapita pasukulu ina.

Tsopano ndibwere kwa a pafupi. Amayi a ana anga, mwakhala ndi mwamuna wodzidzimuka usiku, wokwiya popanda chifukwa chooneka, wokana kwamtuwagalu kuti mwana wathu apite kusukulu yogonera komweko koma osafotokoza chifukwa. Tsiku limene ndinakuuzani simunandifunse mafunso ambiri. Munangoti mwamva, ndipo mukundikhulupirira. Palibe mankhwala amene anandithandiza kuposa mawu amenewo. Zikomo mayi.

Amayi anga ondibereka, ndikudziwa kuti kuyambira pamene munamva mumadziimba mlandu chifukwa ndinu munandinyamulira sutikesi tsiku loyamba. Ndikunena pagulu kuti anthu amve: inu munandifunira zabwino. Munapereka mwana wanu kwa anthu amene analumbira pamaso pa Mulungu kuti amusamala. Amene anaphwanya lumbiro si inu.

Ndikuthokoza mayi amene ankagwira ntchito kuchipinda cha odwala pasukulupo. Ankationa mikwingwirima, ndipo nthawi zina ankalemba kuti mwana akudwala n'kumugoneka kumeneko usiku wonse ngakhale thupi silikutentha. Tili ana sitinkamvetsa. Takula, tazindikira kuti ankatibisa. Panopa ndi gogo wokalamba, koma anavomera kupereka umboni wake, ndipo umboniwo ndi umene unatseka pakamwa onse amene ankati tikupeka. Ndikuthokozanso mphunzitsi wina amene anafunsa pamsonkhano wa aphunzitsi chifukwa chake ana amalowa m'nyumba ya munthu wamkulu usiku, ndipo teremu yotsatira anali atasamutsidwa. Aphunzitsi, funso lanu silinapite pachabe. Tinamva kuti lili m'mabuku a misonkhano amene aperekedwe kwa ofufuza.

Kwa alangizi amene mwakhala nafe, zikomo potiphunzitsa kuti munthu anene zimene angathe ndipo aime pamene wafuna. Kwa loya amene anatithandiza osalandira kanthu, zikomo potiletsa kulemba maina pa Facebook mkwiyo utatikwera, chifukwa tikanaononga mlandu wathu womwe. Kwa mtsogoleri wachinyamata wa mumpingomo amene anakakamira kuti akuluakulu ake atimve, ndikudziwa kuti ena akukuyang'anani ndi diso loipa. Limbani mtima.

Ena mwa anzathu amakumbukira sukuluyi ndi chimwemwe. Kumeneko n'kumene anaphunzira kuimba, kusewera mpira, kukonda mabuku, ndipo palibe anawakhudza. Zokumbukira zanuzo ndi zoona ndipo sitikukulandani. Inenso maphunziro amene ndikudyera lero ndinawapeza komweko, kwa aphunzitsi ena okoma mtima kwambiri. Ndikuthokoza inu amene munati simunaone kanthu koma mukutikhulupirira. Ochepa amene munatinena kuti tikufuna ndalama kapena tikunyoza mpingo, ndikupemphani mukawerenge lipoti likadzatuluka. M'gulu lathu muli ena amene amapempherabe mumpingo womwewo sabata iliyonse, muli ena amene sanapondemonso m'tchalitchi, ndipo palibe amene amakakamiza mnzake kukhululuka.

Tili ndi anzathu amene sanafike tsiku limeneli. Ena mowa unawatenga, wina anadzipha. Maina awo tinawawerenga pamsonkhano tisanayambe china chilichonse, mabanja awo atatiloleza, ndipo tinapempha akuluakulu aja kuti aimirire. Anaimirira.

Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo wathuwu ukupitirira. Ofufuza ayamba ntchito mafailo akangoperekedwa, ndipo tidzakudziwitsani ngati lonjezo lasungidwa kapena ayi. Tapemphanso kuti m'masukulu onse a mpingowu mukhale munthu wapadera, wosakhala pansi pa ahedi, amene mwana angamuuze nkhawa zake, ndipo pempho limeneli sanaliyankhebe. Ngati munaphunzira nafe ndipo simunauzepo munthu aliyense, alangizi aja avomera kupitiriza kulandira anthu mwachinsinsi. Simukakamizidwa kupita kupolisi kapena kulowa m'gulu lathu. Mundilembere kumbali, ndikupatsani njira yowapezera, ndipo sindikufunsani chilichonse.