Ndakatulo zabwereranso pa siteji ku London

Abale, anthu ambiri amaganiza kuti masewero olembedwa mu ndakatulo anathera pa Shakespeare basi, koma ayi ndithu. T.S. Eliot analemba Murder in the Cathedral mu 1935, Christopher Fry naye anali otchuka zedi cha m'ma 1948, kenako mu 1956 John Osborne anabwera ndi Look Back in Anger ku nyumba ya zisudzo ya Royal Court, anthu akukangana mchipinda chochita lendi ndi chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku, ndiye zandakatulozi zinayamba kuoneka zachikale. Koma sizinafe, Caryl Churchill mu 1987 analemba Serious Money, nkhani ya anthu adyera a pa msika wa masheya ku London, mizere yake mawu akumapeto akumveka mofanana.

Ine limene limandigwira mtima ndi King Charles III la Mike Bartlett, linayamba ku Almeida Theatre mu 2014, Mfumukazi Elizabeth akadali moyo. Nkhani yake Mfumukazi yamwalira, Charles walowa ufumu ndiye akukana kusayina bilu yopondereza atolankhani, mpaka kufika pothetsa nyumba ya malamulo, mzimu wa Diana nawo ukubwera usiku, pamapeto pake William ndi Kate akumukakamiza kutula pansi udindo. Mbali yaikulu yalembedwa mkalembedwe ka Shakespeare komwe kaja, mzere uliwonse maphatikizo khumi, mawu akugunda kasanu ngati ng'oma, ndipo Tim Pigott-Smith amene ankasewera Charles amatha kutsala yekhayekha pa siteji nkumauza anthu zakukhosi kwake.

Apa ndiye pamene pagona nkhani kwa ine. Anthu ngati Charles timangowaona pa TV akuwerenga zowalembera ena, sitidziwa chimene chimawasowetsa tulo. Atati ayime nkumadandaula mchiyankhulo wamba mwina sitingakhulupirire, koma ikakhala ndakatulo khutu limavomera lokha, umapezeka ukumumvera chisoni munthu amene sunamuganizirepo nkomwe. Seweroli linapata Olivier Award, mphoto yaikulu ya zisudzo ku London, mu 2015, a BBC analitulutsa ngati filimu mu 2017, ndipo Bartlett anachitanso chimodzimodzi ndi The 47th ku nyumba ya zisudzo ya Old Vic mu 2022, Bertie Carvel akusewera Donald Trump.

Chondisangalatsa china nchakuti achinyamata okulira mu rap sakuvutika nazo, mwachitsanzo mu Cyrano de Bergerac, sewero lakale la munthu wa mphuno yaitali limene Martin Crimp analilembanso mu 2019, James McAvoy ankangogwira maiki nkumalavula mizere, popanda kumumata mphuno yaitali ija.