Kuthokoza anthu amene anatilankhulira kuti insulini ya mwana wathu isaduke

Mwezi uno takwanitsa zaka ziwiri kuchokera pamene mwana wathu wamkazi anapezeka ndi matenda a shuga a mtundu woyamba, ndipo chaka chachiwirichi chatha chonse osagonekedwanso m'chipatala ngakhale usiku umodzi. Ndalemba mawu awa kuti ndithokoze pagulu anthu amene anatiyendera m'maofesi ndi kutilankhulira mpaka mankhwala ake anayamba kupezeka mosadukiza. Sindiwatchula mayina chifukwa eni akewo sakonda kutchulidwa, koma ndikudziwa kuti akawerenga adzizindikira.

Amene sanasamalirepo wodwala matendawa mwina sangamvetse chifukwa chimene botolo laling'ono la mankhwala lingamusowetsere munthu tulo. Kapamba wa mwana wathu sapanganso insulini, timadzi timene timathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, ndipo palibe piritsi kapena kusintha kwa kadyedwe kumene kungalowe m'malo mwa jakisoni amene amabayidwa kangapo tsiku lililonse. Insulini ikasowa, thupi limayamba kuwotcha mafuta, asidi amachuluka m'magazi, mwana amasanza, kupuma mothamanga, kenako kukomoka, ndipo zonsezi zingachitike m'masiku owerengeka okha. Umu ndi mmene tinamufikitsira kuchipatala ulendo woyamba. Tsiku limene anatitulutsa ndinkaganiza kuti chovuta chatha, osadziwa kuti kuyambira pamenepo mwezi uliwonse tidzafunika insulini, masirinji, timapepala toyezera shuga m'magazi, ndiponso malo ozizira osungiramo mabotolo osatsegula, chifukwa amayenera kukhala pa madigiri a pakati pa 2 ndi 8.

Patatha miyezi isanu, kuchipatala kumene tinkalandira mankhwala anatiuza kuti insulini yatha ndipo sakudziwa tsiku limene ina ibwere. Tinagula kawiri m'mafamase, koma kachitatu ndalama sizinakwane. Ndikuvomereza pano chinthu chimene chimandiwawabe mumtima: ndinayamba kuchepetsa mlingo umene adokotala analemba, n'cholinga chakuti botolo limodzi litifikitse kumapeto kwa mwezi, ndipo sindinauze aliyense. Mwanayo anagonekedwanso, ali wofooka kuposa poyamba.

Ku wodiko ndi kumene ndinakumana ndi amayi ena a m'bungwe la makolo a ana odwala shuga, amene amayendera odwala atsopano. Nditawauza zimene ndinachita ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma iwo anangondigwira dzanja n'kunena kuti, “Achemwali, si inu oyamba kuchita zimenezi, ndipo vuto si inu. Tiyeni tione poyambira.” Amayi, mawu amenewo ndi amene anandichotsa manyazi kuti ndithe kupempha thandizo, ndipo ndikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima.

Chimene ndikufuna kwambiri kuti anthu adziwe ndi kulemera kwa ntchito imene amayiwa ndi anzawo amagwira, chifukwa ine ndinaiona ndi maso pa miyezi imene tinkayenda limodzi. Iwo alibe nkhokwe ya mankhwala, alibe mphamvu yolamula dokotala kapena mkulu wa ofesi, ndipo ambiri salandira malipiro. Chimene ali nacho ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda ndi kupirira pogogoda mobwerezabwereza. Kuti mwana wathu alembedwe m'ndondomeko yothandiza ana osowa mankhwala pankafunika fomu, kalata ya adokotala ndi umboni wa kapezedwe kathu. Pamene umboniwo unkatuluka, kalata ya adokotala inali itapitirira nthawi yake, ndipo titatenga ina, amene amasaina anali atapita kutchuthi. Amayiwa anabwerera ku ofesi imodzimodziyo kanayi, akulipira okha ulendo ndi mayunitsi a foni, ndipo ulendo uliwonse ankalowa mwaulemu ngati kuti akufika koyamba, chifukwa ankadziwa kuti akakwiyitsa wogwira ntchito mmodzi, ovutika adzakhala ana ena amene adzawabweretse mawa.

Amadzudzulidwanso mbali zonse. Ogwira ntchito zachipatala ena, amene nawonso ndi otopa ndiponso ochepa, amawaona ngati anthu obwera kudzafufuza zolakwa, pamene makolo ena, mwana akadwalika fomu isanayankhidwe, amakalipira iwo omwewo ngati kuti ndi amene akubisa mankhwala. Ineyo tsiku lina ndinawayankhula mosayenera pa foni, ndili ndi mantha, ndipo ndikupepesa pano monga mmene ndinapepesera pamaso. Koma chimene ndinaona kuti chimawapweteka koposa ndi kusankha. Nthawi ina analandira mabotolo ochepa kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, ana osowa ali ambiri kuposa mabotolowo, ndipo anakhala usiku wonse ndi kabuku kawo ka mayina akuwerengera kuti ndi mwana uti angadikire masiku atatu ndipo ndi uti sangathe. Palibe maphunziro amene amakonzekeretsa munthu ntchito yotereyi, ndipo palibe amene amawafunsa mmene akumvera akamaliza kuigwira. M'kabukumo muli mayina ena amene anawadula mzere, ndipo amawakumbukira onse.

Ndikuthokozanso mnyamata wa m'bungwe lomwelo, iyenso wodwala shuga, amene ntchito yake ndi kulemba makalata kwa akuluakulu okonza bajeti ndi ogula mankhwala a boma. Iye ndi amene anandithandiza kumvetsa kuti kusowa kwa botolo lathu kunali ndi mizu yakutali. Anandifotokozera kuti insulini anaitulukira mu 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, kuti Frederick Banting ndi Charles Best anali m'gulu la oitulukirawo, ndipo kuti mu 1923 umwini wake unagulitsidwa ku yunivesite ya Toronto pa dola imodzi kwa aliyense wa amene anasaina, pofuna kuti odwala onse aipeze. Papita zaka zoposa 100, koma makampani atatu okha ndi amene akupanga gawo lalikulu kwambiri la insulini ya padziko lonse, ndipo pamene opikisana ali ochepa mtengo sutsika msanga. Insulini ili pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri umene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linayamba kutulutsa mu 1977, koma kukhala pa mndandanda sikutanthauza kuti ili pa shelefu, chifukwa pakati pake pali bajeti, ndalama zakunja, kuitanitsa mochedwa, misonkho, mayendedwe ndi firiji zimene zimafuna magetsi.

Nditamufunsa chimene chimamulimbitsa mtima pamene makalata ake ambiri sayankhidwa, anandikumbutsa za mankhwala otalikitsa moyo a HIV. Cha m'ma 2000 mankhwalawa ankadya madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pachaka, koma mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ingawapereke pa madola 350, ndipo chaka chomwecho mayiko anagwirizana pa msonkhano wa ku Doha m'dziko la Qatar kuti malamulo a umwini wa mankhwala asaletse boma kuteteza umoyo wa anthu ake. Zimenezo sizinachitike zokha, anatero, koma odwala ndi owalankhulira anakakamira kwa zaka zambiri. Achimwene, ndikudziwa kuti ntchito yanu sioneka msanga ngati ya amene amanyamula botolo m'chikwama, koma mwezi uliwonse umene tapeza mankhwala kuchipatala ndimakumbukira makalata anuwo.

Kwa anamwino amene anandiphunzitsa mobwereza kabayidwe ndi kawerengedwe ka mlingo osatopa nane, kwa wopereka mankhwala amene amatiuza pasadakhale akaona kuti katundu akuchepa kuti tikonzekere, ndiponso kwa bambo amene sindinkawadziwa, amene anatigawira botolo la mwana wawo sabata imene tinalibe pogwira, zikomo kwambiri. Bambo inu munachita zimenezo mukudziwa kuti inunso mungasowe, ndipo mpaka lero sindinapeze mawu okwanira.

Mwana wathu tsopano amadzibaya yekha, amalemba yekha zotsatira za kuyeza shuga, ndipo wabwerera kusukulu. Thandizo limene tikulandira lili ndi malire a zaka, ndipo amayi aja ayamba kale kufunsa za kumene tidzapite akadzapitirira msinkhuwo, ngakhale kuti ife eni ake tinali tisanaganizeko. Kuyambira mwezi watha ndayamba kuwaperekeza ku wodi tsiku limodzi pa sabata kukathandiza makolo atsopano kulemba mafomu, ndipo andipatsa kabuku kanga, momwe panopa muli mayina atatu.