Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Agogo a njinga

M'gawo lapitalo ndinalekeza pamene ndinakweza dzanja pa msonkhano wa chitsitsimutso kwathu ku Dedza mu 2002, chaka cha njala ija tinkadya gaga ndi zitsa za nthochi. Ndisabise, enafe tinkapita ku misonkhano kuti tiiwaleko mimba. Koma usiku umenewo mawu anandilasa ndithu. Tinapita kutsogolo anthu ambirimbiri, mnyamata wina anatilemba mayina m'kope, n'kulonjeza kuti adzatiyendera. Galimoto ya alaliki itapakira zokuzira mawu n'kubwerera ku tauni, kope lija linapita nayo. Mpaka lero tikudikirabe.

Sabata ziwiri ndinakhala ngati mwanapiye wosiyidwa ndi make. Kupemphera sindinkatha, Baibulo ndinalibe. Anzanga a kudambwe akandiona ankafuula kuti, “Abusa, mwadzuka bwanji?” kenako phwete.

Amene anandipeza ndi mkulu wa mpingo wina wa CCAP, wokonza njinga pamsika, amene tonse tinkangowatchula kuti agogo a njinga. Palibe anawatuma. Anandiona okha usiku uja ndikulira kutsogolo, n'kundisunga mumtima.

“Mwana wanga, Lachitatu ndidzakutenga tipite kumapemphero. Usadzathawe.”

“Ndamva agogo.”

Ndinathawa. Lachitatu linalo anabwera msanga, anandipeza ndikusamba.

Kumpingo kwathu, pansi pa Sinodi ya Nkhoma, munthu sakweza dzanja lero n'kubatizidwa mawa. Umalowa kalasi, kuloweza mafunso ndi mayankho a katekisimu, kenako akulu a mpingo amakuyesa. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndiye kalasi inkandiopsa kuposa njala. Agogo anati ndizibwera pansi pa mtengo pamene ankagwirira ntchito. Iwo akumata machubu, ine ndikuwerenga mokweza Buku Lopatulika lawo lakale, lothothoka chikuto, lokhala ndi madontho a girizi. Kalembedwe kake kanali kamakedzana, ka Baibulo lija linasindikizidwa koyamba mu 1922: “cifukwa” m'malo mwa “chifukwa”, “Cipangano” m'malo mwa “Chipangano”. Ndinkapunthwa pa mzere uliwonse. Iwo osadzutsa mutu ankangoti, “Bwereza.” Mavesiwo anali nawo pamtima.

Dzuwa likafika paliwombo ankatulutsa chinangwa chimodzi n'kuchibenthula pakati. Chaka chimenecho chinangwa chimodzi sichinali chinthu chogawana ndi mwana wa eni. Lero ndimamva maphunziro ambiri a kaleredwe ka akhristu atsopano, okhala ndi timabuku ndi masatifiketi, ndipo sindikuwanyoza. Koma zimene ndinaloweza m'kalasi zambiri zinauluka, pamene chinangwa chija ndimachimvabe kukoma.

Ankakonda kwambiri nkhani ya Barnaba pa Machitidwe 9. Saulo atafika ku Yerusalemu ophunzira onse anamuopa, osakhulupirira kuti wasinthadi, mpaka Barnaba anamutenga n'kupita naye kwa atumwi. Agogo ankati anthu amatama Paulo, yemwe ndi Saulo uja, koma amaiwala amene anamugwira dzanja pakhomo.

Patatha miyezi ingapo ndinagwa. Kunali maliro a malume anga, anzanga anandipatsa kachasu kumanda titatha kukumba, ndipo ndinamwa mpaka kugona m'ngalande. Mudzi wonse unadziwa. Amayi ena a kumpingo, amene dzulo lake ankanditcha mwana wawo, anayamba kundilambalala pachitsime. Ndinadzitsekera m'nyumba, ndikuyembekeza kuitanidwa kuseshoni, bwalo la akulu a mpingo.

Tsiku lachinayi ndinamva belu la njinga pabwalo. Ndinakonzekera ulaliki. Agogo anakhala pakhonde, anagudubuza njinga, n'kundipatsa pampu.

“Tapopa apa, mikono yanga yatopa.”

Ndinapopa, misozi ili chuchuchu. Tayala litalimba ndi pamene analankhula.

“Mwana akamaphunzira kuyenda n'kugwa, make amakamutaya kudzala?”

“Iyayi agogo.”

“Ndiye samba. Kwa akulu a mpingo tipitira limodzi, ukanena wekha zimene unachita. Ine ndikakhala pambali pako.”

Sananditchinjirize ayi. Ubatizo wanga unachedwetsedwa, ndipo iwo anavomereza kuti n'zoyenera. Koma m'mawa mwake ndinali pansi pa mtengo uja, Buku Lopatulika lili pamwendo.

Pali chinthu chimodzi chimandiwawabe. Usiku wa chitsitsimutso uja sindinapite ndekha kutsogolo. Ndinali ndi mnzanga wa ponda apa m'pondepo, amene dzina lake linalembedwa m'kope muja pansi penipeni pa langa. Iye agogo sanamuone. Ine ndinkadziwa kwawo, ndinkadutsa pakhomo pake tsiku lililonse popita kumsika, koma sindinaimepo n'kamodzi komwe kuti tiye. Tsiku limene ndinabatizidwa, tikutuluka m'tchalitchi, ndinamuona ataima patali kuseri kwa mpanda, botolo lili m'thumba la jekete. Anandikwezera dzanja. Zimene tinakambirana madzulo a tsikulo ndidzafotokoza m'gawo 7.